Majumbo M'dzenje la Manyowa

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba, zipani zinali zitangochuluka kumene, ndipo aliyense kwathu kunyanja ku Salima anali atayamba geni. Majumbo anabwera ndi geniyo. Usipa m'jumbo, mandasi m'jumbo, ndipo mwera ukawomba onse ankadzakodwa pampanda pathu.

Apongozi anga anawapezera ntchito, ankayatsira mbaula. Jumbo imodzi pamakala, machesi, moto wakolera. Koma utsi wake ukangofika pakhonde mwana wanga ankayamba kutsokomola, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Ndinkangokhalira kumuika khutu pachifuwa, mpaka amuna anga anati ndimutha mwanayo ndi kumumvetsera. Ndine wamantha, sindikana.

Nditawadandaulira apongozi, anandiyankha kuti makala onyowa samva za setifiketi yanga ya kukoleji. Anafunsanso kuti tikaleka kuwotcha, majumbowo apita kuti, poti mbuzi ya anzathu apafupi inafa atadzaza m'mimba.

Kukoleji ya zaulimi tinaphunzira kuti m'manyowa muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zinyalala mpaka ziwole. Ndinaganiza kuti tizilomboto titapatsidwa nthawi tingadyenso pulasitiki. Ndinakumba dzenje kuseri kwa bafa, n'kuyalamo majumbo, ndowe za ng'ombe, phulusa ndi matumbo a nsomba. Kenako ndinawapempha apongozi kuti asawotchenso jumbo mpaka mvula itatha. Anavomera akuseka, koma anati moto wam'mawa ndiziyatsa ndekha.

Ndinkayatsira zitsononkho zimene ndinakapempha kwa azakhali anga ku Chitala. Zinkachedwa kukolera, tiyi nayenso ankachedwa. Apongozi ankakhala pamkeka n'kumauza nkhuku kuti zipirire, kadzutsa wapita kukoleji. Ndinkangokupiza moto, misozi ya utsi ili mbwembwembwe.

Mvula itatha tinafukula dzenje lija. Zonse zinali zitasanduka dothi lakuda, kupatula majumbo. Anatuluka athunthu, jumbo ina mizere yake yabuluu ikuonekabe bwinobwino. Apongozi anaikutumula n'kuikweza m'mwamba.

"Mayi a sukulu, tizilombo tanu tija tili pa sitalaka?"

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Koma mwana anali kumbuyo kwanga, ndipo ndinkamva pamsana mmene ankapumira, mofewa, popanda kamphaka kaja. Dzinja lonselo sitinathamangire naye kuchipatala chifukwa cha chifuwa.

"Amayi, tizilombo talephera, ndavomera," ndinatero. "Koma jumbo siipsanso pakhomo pano. Mbaula muisiye m'manja mwanga."

Anayang'ana mdzukulu wawo kwa kanthawi, kenako anaponya jumbo ija m'dzenje. Anangoti bola tiyi azifulumirako, iwo si a m'badwo womwa tiyi dzuwa lili pamutu.

Majumbo onse ndinawabwezera m'dzenjemo, n'kuthirapo ndowe zatsopano, kuti mwina tizilomboto tidzasintha maganizo. Tsiku lomwelo ndinatumiza uthenga ku Chitala kuti azakhali akamatong'ola chimanga andisungire thumba lina la zitsononkho.