Tiyi wa M'munda, Osati wa M'kapu

Galimoto ya malemu amuna anga yatsala ku Khonjeni, pakhomo pa alamu anga. Ine ndabwerako pa kabaza. Chifukwa cha opaka penti a pa Bvumbwe. Dzina la galaja sinditchula, eni ake akudzidziwa, koma nkhaniyi ndiye muimva.

Kwa amene simundidziwa, ndine mphunzitsi pa sukulu ya pa esiteti kuno ku Thyolo. Amuna anga anali makaniko ku fakitale ya tiyi, anatisiya chaka chatha. Galimoto anasiyayo ndi yakale, inde, koma ankaisamala kuposa malaya awo. Yobiriwira, kubiriwira kwa masamba a tiyi okhwima kuja. Maliro atangotha, alamu anga a Namakhwa anafuna kuitenga, ati mkazi sangasunge galimoto. Ankhoswe anagamula kuti ndikhale nayo mpaka tsiku la chiliza. Akadzaipeza ili bwino, ndi ya ana anga. Akadzaipeza yowonongeka, ipita kwa alamu.

Ndinaisamala ine. Oyilo ndinkasinthitsa, matayala ndinagula. Vuto linali mapulasitiki okha: bampala ya kutsogolo, ya kumbuyo, ndi timizere ta m'mbali mwa zitseko. Dzuwa linali litazituwitsa, kenako wakabaza wina anakanda bampala pa msika. Ndinati ayi, ku chiliza sindingapite ndi zokandika, a Namakhwa angapezerepo ponenera.

Mwini galaja, a Chikopa, anandilandira ngati mlongo wawo. Pakamwa pokoma! Anati nambala ya penti yolembedwa pa chitseko singathandize, chifukwa galimoto ikakalamba dzuwa limaisintha mtundu. Njira yake, ati, ndi kuchotsa kachitseko ka pothirira petulo n'kupita nako ku Limbe, osakaniza penti azisakaniza akukayang'ana mpaka zifanane. Ndinagoma. Mumtima ndinati apa ndiye ndapeza katswiri. Anamasula mabampala, timizere ndi kachitseko kaja. Galimoto ndinabwerera nayo yamaliseche, poti anati pagalaja palibe malo oisunga.

Kachitsekoko ndinawadandaulira kuti akasamale. Mkati mwake amuna anga analembamo ndi penti woyera masiku ankandiphunzitsa kuyendetsa: "Petulo, Esinati, osati dizilo." Ankandiseka nako mpaka tsiku lomwe anagonekedwa m'chipatala.

Lachitatu ndili m'kalasi, foni. Si a Chikopa, ndi ang'ono awo a Yohane, amene amapopera pentiyo.

"Madamu, galimoto ija ndi yamtundu wanji?"

"Kachitseko si muli nako?"

"Tili nako, tikungotsimikiza."

Ana akusokosa, choko chili m'manja. Ndinayankha momwe munthu aliyense wa pa esiteti angayankhire: "Ndi ya mtundu wa tiyi."

"Basi tamva, madamu."

Tamva!

Lachisanu nditaweruka ndinathamangira ku Bvumbwe, chiliza chili mawa lake. Ndinapeza mabampala awiri atawayanika pa matayala akutha. Ndinawadutsa, ndimayesa ndi a munthu wina. Abulawuni. Bulawuni wotuwa uja wa tiyi wochuluka mkaka.

"Anga ali kuti?"

"Ndi omwewa, madamu," a Yohane akumwetulira, kudikira kuti ndiwayamikire.

Ndinakhala pa chitini cha penti. Ndinawalozera galimoto pomwe ndinaiimika. A Yohane anaiyang'ana, kuyang'ana mabampala, kukanda m'mutu. "Aaa, komatu munati tiyi. Tiyi timamudziwa ife ndi wa m'kapu. Mukanati masamba."

Anthuni! Bvumbwe ndi ku Thyolo konkuno. Ukangoyenda pang'ono ndi msewu, mapiri onse ndi tiyi yekhayekha. Munthu wamkulu, wandevu, osadziwa kuti tiyi ndi wobiriwira? Chabwino, tinene kuti iwo tiyi amangomwa. Nanga kachitseko kanapita ku Limbe kukatani? Kukaona tauni?

M'pamene a Chikopa anatulukira mu kaofesi kawo akukukuta chimanga chootcha. Ati kachitseko anakaiwala mu minibasi Lolemba. Lolemba! Ndiye kuti "tili nako" wa Lachitatu uja linali bodza lamkunkhuniza. Akanangonena zoona, ndikanabwera ndi galimoto yonse aione ndi maso awo. Ndikanathyola nthambi ya tiyi kuseri kwa nyumba yanga n'kuwapatsira m'manja. Koma ayi, anasankha kundifunsa pafoni ngati mwambi wa ndagi, n'kulota okha yankho.

Ndinati popereninso lero lomwe. Ati sizingatheke, penti wobiriwira alibe, ku Limbe akafika atatseka, ndipo pulasitiki imafuna pulayima, penti wapansi uja, aume kaye apo ayi penti amasupuka. Mwina Lachiwiri. Komanso penti winayo ndigule ndekha, poti mtundu ndinatchula ndine. Pepani sanatuluke pakamwa pa aliyense. M'malo mwake a Chikopa, chitsononkho chili m'manja, anati: "Komatu ikukhala, madamu. Masiku ano achinyamata akukonda yamitundu iwiri."

Ine, mayi wamasiye, ndikupita kumanda a amuna anga, ndizikondwera ndi fashoni ya achinyamata? Ndinalira pomwepo, pamaso pa anthu, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Ndikanatani? Kupita yopanda mabampala? Anamanga abulawuni omwewo. Pothirira petulo panatsala poyasama, anangomatapo tepi yakuda.

Loweruka ku Khonjeni, mapemphero atatha, a Namakhwa anaizungulira galimoto pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anamatula tepi ija ndi chala chimodzi.

"Alamu, munachita nayo ngozi n'kubisa?"

Ndinalumbira. Ndinafotokoza za tiyi wa m'munda ndi tiyi wa m'kapu. Ena anaseka. Sindikuwada, mukanakhala inu mukanakhulupirira? Ndinayang'ana apongozi anga aakazi, amene chaka chonsechi akhala akundiikira kumbuyo. Anayandikira, kusisita bampala ija, n'kunena motsitsa mawu: "Iyi si ya mwana wanga iyi."

Ankhoswe anazolika. A Namakhwa anatambasula dzanja. Ndinapereka makiyi.

Za makiyizo ndilimbana nazo, ankhoswe sanathane nane. Koma inu nonse okhala ndi magalimoto akale, chenjerani. Kachitseko musasiyire munthu, pitani nako nokha. Penti ayambe apopera pa kachidutswa, mukayerekeze ndi galimoto padzuwa, osati pafoni. Ndipo ngati ndinu wa pa esiteti ngati ine, mawu oti tiyi musawatchule pagalaja.

Tsopano inu a Chikopa, ndikudziwa muwerenga, ngati si inu akuwerengerani anzanu. Inu ndi ang'ono anu munanamiranji? Zinakuvutani chiyani kunena kuti madamu, tataya? Bodza lanu la mawu awiri landilanditsa galimoto ya ana anga, inu mukukukuta chimanga.

Ndalama zanga idyani, sindikuzifuna. Ndikufuna kachitseko kanga. Pitani pa siteji, funsani minibasi iliyonse ya ku Limbe mpaka mukapeze. Mkati mwake muli dzina langa, lolembedwa ndi dzanja lomwe silidzalembanso. Ndi kobiriwira. Ngati mtunduwo mwauiwalanso, musandiimbire foni. Kwerani minibasi ya ku Thyolo, mukhale kuwindo.