Mbendera ya pa lichero la amayi

Amayi atamwalira, bambo anasudzulidwa. Kwathu ku Lirangwe ndi mmene zimakhalira: mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mkazi akatsogola, abale ake amammasula mwamunayo kuti abwerere kwawo. Palibe anawanyoza, ayi. Amalume anayankhula mwaulemu, anawathokoza kuti anatilera, anamanga nyumba, anadzala mango. Koma pomaliza ananena mawu amene anawalemera bambo kuposa chikwama chawo: "Alamu, ntchito mwagwira. Koma mukudziwa nokha, dziko lino lili ndi eni ake."

Bambo anabwera ku Lirangwe ndevu zisanamere bwino. Kwawo kwenikweni ndi kutsidya kwa Shire, koma kumeneko makolo awo anatha kalekale, ndipo amene akulima minda ija sawadziwa n'komwe. Ine ndi amuna anga tinagwirizana kuwatenga kuti tizikhala nawo ku Chileka, m'nyumba yathu ya lendi ya zipinda ziwiri. Amuna anga amanyamula katundu ku eyapoti, amachoka m'mamawa, choncho masana tinkatsala atatu: ine, bambo, ndi mwana wanga wamkazi amene nthawi imeneyo anali asanasiye kuyamwa.

Bambo anavomera kubwera, koma ankati ndi ongodutsa. Chikwama chawo anachiika kuseri kwa chitseko osachimasula. Jekete yawo yopitira kutchalitchi ankaipinda n'kuiika pamwamba pa chikwamacho, ngati munthu amene akudikira basi. Ndinkawauza kuti ikwinyika, ndiikolowekere penapake, iwo ankangoti isiye. Tsiku lililonse ankafunsa anthu odutsa ngati maminibasi opita ku Zalewa akuyendabe. Ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzabwera kuchokera kumjigo n'kupeza kuseri kwa chitseko kuli mbee. Munthu wamkulu, womwa mankhwala a BP, kupita kumudzi kumene palibe wompatsa madzi. Mantha anga anali amenewo.

Pogawana zinthu za amayi, zitenje zabwino ndi mapoto zinapita kwa achemwali anga ndi amayi aang'ono. Ine, chitsiriza, anandipatsa thumba la zotsala. Sindinadandaule. Munali lichero lakale lodyeka m'mphepete, ambulera yakuda yothyoka nthiti, duku lofiira limene amayi ankavala kumunda, mbale yofiira yapulasitiki yosweka pakati, ndi kansalu kobiriwira kamene amayi ankamangamo mbewu za maungu. Nditakamasula ndinakazindikira. Inali yunifolomu yanga ya kupulayimale, imene ndinaivula komaliza ndili sitandade sikisi. Sindinkadziwa kuti anaisunga.

Kunali kumayambiriro kwa Julayi, kukuzizira, mphepo ikunyamula fumbi la pamsewu. Ndinachapa nsaluzo, ndi ambulera yomwe, n'kuziyanika pachingwe mmene zinabwerera m'manja. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene amagulitsa tomato, anaima ndi beseni lake pamutu n'kuyamba kuseka. Anandifunsa kuti ndayamba liti kukweza mbendera pabwalo la lendi, kapena ndasanduka boma kuti azibwera kudzapempha makuponi kwa ine. Nditayang'ana pachingwe, zoonadi: chakuda, chofiira, chobiriwira, zikuuluzika pamodzi.

Khoma lathu la kumadzulo lili ndi mng'alu umene unabwera ndi mvula yoopsa ya dzinja lapitalo, ndipo ndinali nditatopa kuubisa ndi kalendala yakale. Ndinaganiza kuti zinthuzi ndisazibwezerenso m'thumba kuti zizidyedwa ndi mbewa. Ndipanga mbendera pa lichero, ndiphimbe mng'aluwo.

Ntchito yake si yovuta, imangofuna mtima. Lichero ndinalikwecha ndi mchenga ndi sopo, n'kuliumitsa pamthunzi kuti nsungwi zisang'ambike. Nsalu ya ambulera ndinaichotsa pa nthiti zake ndi lezala. Ndinadula zigawo zitatu, chilichonse chopitirira pang'ono kukula kwa lichero kuti ndizipindira kumbuyo. Ulusi ndinasolola pa thumba la feteleza, singano ndinagwiritsa yosokera masaka, chifukwa yaing'ono imathyoka ikakumana ndi nsungwi. Ndinkasoka mwana akagona, akadzuka ndinkasiya. Zinatenga masiku, sindinathamange.

Bambo ankakhala pampando wawo pakhonde, akuyang'ana ndege zikamatsika. Ndinkaganiza kuti sakuona chimene ndikuchita. Tsiku limene ndinamaliza kusoka, ndinatsamiritsa lichero pakhoma kuti ndilione ndili patali, ndipo ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Iwe mayi, wazondotsa dziko. Chakuda chimakhala pamwamba."

Chiyambire kubwera kwawo, aka kanali koyamba kunena chinthu chosakhudza ulendo. Ndinawauza kuti lichero lilibe kumutu kapena kumiyendo, n'kulitembenuza pomwepo. Anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno kuja, kenaka anafunsa kuti nanga dzuwa lili kuti. Ndinawaonetsa theka la mbale yosweka ija. Ndinali nditaboola kale m'mphepete mwake ndi msomali wotentha kuti ndilisokerere pa nsalu yakuda. Analiyang'anitsitsa, n'kunena kuti dzuwa lopanda malawi ndi chigamba chabe, anthu aziti ndasoka pobooka.

Pochoka ku Lirangwe, bambo anakana kusiya chinthu chimodzi chimene tonse tinachiona chachabe: gudumu lakutsogolo la njinga yawo. Njingayo inafa kale, gudumulo linali lopindika, ladzimbiri, koma analimangirira pa chikwama. Kondakitala wa minibasi anafuna kulikana, iwo anati ndiye nawonso atsika. Tsopano, atanena za malawi zija, analowa m'nyumba, n'kutuluka nalo gudumulo. Anandituma kukabwereka pulayala kwa wokonza njinga za kabaza pamsewu.

Anakhala pamphasa, gudumu pakati pa miyendo, n'kuyamba kumasula masipoko limodzilimodzi. Manja awo amanjenjemera masiku ano, koma sanalole kuti ndiwathandize. Akumasula choncho anayamba kukamba. Anati gudumu limeneli linanyamula makala kupita ku Lunzu zaka zambiri, linanyamula malata a nyumba ija imene aisiya. Anati linanyamulanso amayi tsiku limene ine ndinkabadwa, ndipo amayi ankawakalipira njira yonse kuti akusankha dala maenje. Kenaka anapitiriza kudula masipoko, kuwakwecha ndi mwala mpaka dzimbiri litachoka. Ndinkangolandira n'kupaka penti yofiira imene inatsala m'kachitini alandilodi atapenta mawindo.

Atauma, tinawasanja mozungulira theka la mbale. Bambo ankaloza, ine ndinkamanga ndi ulusi. Ena anatuluka aatali, ena aafupi, ndipo sanakwane ngati a pa mbendera yeniyeni. Bambo anati dzuwa la amphawi limawala ndi amene alipo.

Titamaliza analinyamula lichero ndi manja awiri, mmene amayi ankaligwirira popeta. Anasisita duku lija ndi chala chachikulu. Kenaka anandifunsa funso limene sindinalikonzekere.

"Dzuwa lathekali, likutuluka kapena likulowa?"

Ndinawayankha kuti kusukulu anatiuza kuti likutuluka, ndi kwacha. Anapukusa mutu, anati kusukulu amauza ana, koma munthu wa msinkhu wawo akaliona amaona ngati likulowa. Ine sindine wodziwa kuyankhula zozama, choncho ndinanena zimene ndinkaziona.

"Ababa, zitengera khoma. Tikalipachika kumadzulo, likulowa. Tikalipachika kummawa, likutuluka. Sankhani ndinu. Koma dziko ili amalume salilamulira, ndipo palibe amene angakusudzuleni pamenepa."

Bambo analowa m'nyumba ndi lichero, ine ndikuwatsatira ndi mwana kumsana. Anaima nthawi yaitali pakati pa chipinda. Kumadzulo kunali mng'alu uja, ndi kalendala yake yachikasu. Kummawa kunali khoma lopanda kanthu, pamwamba pa matiresi amene iwo ankagonapo. Kunja ndege inadutsa, malata ananjenjemera, mwana anabisa nkhope pamsana panga.

Anapempha msomali ndi mwala. Ndinawakumbutsa kuti alandilodi amaletsa kukhoma misomali, iwo anati alandilodi akabwera ndiwauze kuti akadandaule kwa mbendera. Anayeza ndi dzanja pakhoma la kummawa, anakhoma, anapachika. Linapendekeka pang'ono, anakonza. Anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana, manja ali kumbuyo.

Amuna anga atabwera kuntchito anafunsa chifukwa chake taphimba khoma labwino n'kusiya long'aluka. Bambo anawauza kuti apongozi, mng'alu ndi wa alandilodi, koma ichi ndi chathu. Mayi wa tomato uja naye anabwera kudzaona, anati ku eyapoti alendo akhoza kugula chotere, ndipange zambiri. Ndinamuuza kuti malichero alipo ambiri pamsika, koma duku linali limodzi.

Tsiku lotsatira bambo sanapite kumsewu kukafunsa za maminibasi. Ndinkatsuka mbale panja pamene anandiitana kuti ndiwapezere msomali wina. Ndinaganiza kuti lichero lagwa. Nditalowa, ndinapeza lili pamalo pake, ndipo bambo ataima pambali pake, jekete yawo ili pamkono, akuiwongola makwinya. Ndinazula msomali umene unkagwira kalendala n'kuwapatsa. Anaukhoma m'munsi pang'ono mwa mbendera, chakumanja, n'kukolowekapo jekete. Kenaka anandiuza kuti chikwama chija ndichichotse kuseri kwa chitseko, chikulepheretsa chitseko kutseguka bwino.

Mng'alu ulipobe mpaka lero, ndipo kalendala ndinasiya kuiika. Nsalu ya ambulera yayamba kutuwa, sipoko limodzi linagwa mwana ataponya mpira m'nyumba. Bambo analitola, analisunga m'thumba la jekete, akuti adzalimangirira okha maso akadzawalola.