Kalata Imene Sanaipempherere

Ntchito yanga ku Nairobi inatha ndi kalata ya mizere isanu. Kwa milungu itatu ndinkadzukabe m'mamawa ku Donholm, kusita zovala, kukwera minibasi, imene kuno amati matatu, mpaka ku Westlands, kenaka n'kumangozungulira m'masitolo ngati nkhuku yosowa poikira. Kumudzi sindinawauze. Achemwali anga ankanditchula kuti “wa ku Nairobi,” ndipo ndinkaopa kuti dzina limeneli likachoka, pa ine sipatsala kanthu.

Mnzanga wa ku ofesi, mayi wachimwenye wobadwira konkuno, anandipeza tsiku lina ndikupenyerera nsapato pawindo la sitolo. Anati Loweruka ndimuperekeze kwa guru wawo, mkulu wowaphunzitsa zauzimu. “Chisomo chake chimathandiza,” anatero.

Za chisomo ndinkayesa ndikuzidziwa, ine Mkatolika amene ndinkazembera kwa aneneri. Kwathu munthu amanyamula pasipoti, kalata, ngakhale chithunzi cha mwamuna wothawa, mneneri n'kusanjikapo manja. Choncho kalata yanga ndinaiika mu envelopu yatsopano.

Tinavula nsapato pakhomo. M'chipindamo anthu anali atakhala pansi, ali chete. Mkuluyo, wowonda, atafunda nsalu yoyera, nayenso chete. Nyimbo ayi, pemphero ayi. Miyendo inachita dzanzi, mtima uli m'mwamba. Ndinawerenga matailosi onse, ndinamvetsera mahutala panja, ndinapsa mtima. Potsiriza ndinayenda chogwada monga tichitira kwa akulu, n'kupereka envelopu ndi manja awiri.

“Andichotsa ntchito, bambo. Ipempherereni.”

Mnzanga anagwira pakamwa. Mkuluyo anawerenga kalata yonse mosathamanga, n'kundibwezera.

“Pole,” anatero, kundipepesa m'Chiswahili. “Udindo wapitadi. Nanga amene akumva kuwawayu ndani? Mufufuzeni.”

Basi. Ngakhale kundigwira pamutu, ayi.

M'galimoto ndinamukalipira mnzangayo: chisomo chanji chopanda ndi ameni yemwe? Anaseka. Anati guru sakupatsa chimene ulibe. Amangokukankhira m'kati mwako, ndipo chimene chimakukoka m'katimo ndicho chisomo chake, chinalipo kale usanavule nsapato. Ndinamuyankha kuti zimenezo akauze mwini nyumba yanga.

Koma funsolo linandikakamira ngati chisoso pa chitenje. Ndili m'minibasi yobwerera ku Donholm, magalimoto atathithikana pa msewu wa Outer Ring, ndinayesa kumufufuza. Ndine yani? Wa ku Nairobi? Asanandilembe ntchito ndinalipo. Yankho sindinalipeze mpaka lero, ndipo ku Misa sindinasiye. Ndinangoona kuti wofunsayo palibe amene anamulembera kalata, ndipo mtima unakhala pansi mpaka pa siteji yotsikira.

Lolemba sindinasite kanthu. Ndinaimbira achemwali foni.

“Wa ku Nairobi! Wadzuka bwanji?”

“Ndadzuka, achemwali. Koma ndi ine chabe. Ntchito inatha mwezi watha, ndimachita manyazi kukuuzani.”

Ndinadikira chigamulo. Kenaka anandiitana ndi dzina langa la paubwana, limene ndinali nditakhala zaka osalimva.

“Kodi iwe,” anatero, “amayi anabereka ntchito?”