Maso a agogo Kamwendo ndi makina a gemu a ku Japan

Agogo Kamwendo akabwera m'maganizo mwanga, chimene chimayamba kundipeza ndi fungo la mtovu wosungunuka, lija linkatulukira pansi pa chitseko chawo n'kudzaza masitepe onse a mafulati athu ku South B, litasakanikirana ndi la tiyi wamkaka amene ankamuiwala pamoto mpaka kupserera. Sanali agogo anga enieni. Anali Mmalawi mnzathu wa khomo loyang'anizana ndi lathu, amene anafika ku Nairobi makolo anga asanadziwane n'komwe, nagwira ntchito ya zamagetsi m'mafakitale a ku Industrial Area mpaka imvi mbuu. Atapuma pantchito, tebulo lawo lodyera linasanduka pokonzera mawailesi, nsimbi ndi maketulo a anthu onse a pamalopo.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatulukira chinsinsi chawo. Tsiku lina anandipatsa botolo la mankhwala kuti ndiwawerengere, ati magalasi awaiwala kuchipinda, chonsecho magalasiwo ali pamphuno. Ng'ala inali itawagwira maso onse awiri. Zinthu zikuluzikulu ankaziona ngati zili mu utsi, koma zilembo ayi, ndipo za opaleshoni sankafuna n'kumva komwe. Mwana wawo, anti Esinati a ku Kitengela, tauni ya kunja kwa Nairobi, anali atanena kale kuti tsiku limene adzaone kuti maso a bambo awo afooka adzawasamutsa basi, chifukwa munthu wosaona sangamaseweretse magetsi ali yekha m'nyumba. Agogowo Kitengela ankadana nayo koopsa. "Kumene kuja n'kufumbi, Tiya," ankandiuza. "Akakandikhazika pakhonde ngati thumba la makala, ine ndiye ndatha."

Ndiye tinapangana. Ndikaweruka kusukulu ndinkawawerengera makalata, mankhwala ndi timanambala ta pa zipangizo, iwo n'kumaloweza. Lamulo linali limodzi lokha: pamaso pa anthu ndisawawongole, ngakhale atalakwitsa chotani. Ine, mwana wa pakamwa posatsekeka ngati ine, ndinalonjeza. Kuyambira pamenepo ndinkakhala ndi mantha nthawi zonse, makamaka ndikamva galimoto ya anti Esinati ikuima pabwalo.

Nkhani ya makina inabwera ndi Mwayi, mdzukulu wawo, amene anapenga ndi magemu akalekale, aja olowetsa kaseti pamwamba, ndipo ankangowatchula tsiku lake lobadwa likuyandikira. Agogo anaona mpata. "Ndikagula ndekha m'tauni, ndidzalumikiza ndekha Esinati akuonerera," anatero. "Akadzaona zimenezo atseka pakamwa chaka china chathunthu." Kunena kuti ndekha ankatanthauza iwo ndi ine.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Amayi ndinawauza kuti tikukagula mawaya. Nambala ya matatu, minibasi ya kumeneko, ndinawanong'oneza, ndipo m'tauni ndinkayenda nditawagwira chala ngati ndine ndikuopa kusochera, pamene ndinkawakoka pang'ono pakakhala dzenje kapena njinga yamoto. Sitoloyo inali pamwamba pa nyumba ina yakale, kokwera masitepe opapatiza onunkha chinyezi, ndipo tisanafike n'komwe tinayamba kumva tinyimbo ta magemu tikulira ngati nkhululu. M'katimo munali mashelefu mpaka kudenga, odzaza makina a pulasitiki yofiirira ndi ukalamba, makaseti olembedwa zilembo za ku Japan, zogwirira zolendewera pamisomali, ndi tiwailesi takanema tating'ono tothwanimathwanima.

Mwini sitolo, bambo wowonda wa Chiswahili chothamanga, anatsitsa makina amodzi. Agogo anawasisita, anawagwedeza pafupi ndi khutu, anawanunkhiza, kenaka anapeza masikuluu ndi chikhadabo n'kumwetulira. "Awa ndiwo makina," anatero. "Amalola kuti munthu awatsegule. Za masiku ano amachita kumata ngati bokosi la maliro."

"Mzee, werengani pansipo kaye," anatero mwini sitolo.

Agogo anatembenuza makinawo, nawaloza kuwindo, nkhope ili phee. Kenaka anandipatsira. "Tiya, tiye tione ngati sukulu ikukupindulira." Ndinawerenga mokweza. Bamboyo anafotokoza kuti katundu wa ku Japan amadya magetsi ochepa, ndipo akangolawa a kuno kamodzi kokha amapsa nthawi yomweyo, komanso chopsa iye salandiranso. Agogo anakwiya pang'ono, ati zimenezo anazidziwa bamboyo akuyamwa, komabe anagula thiransifoma imene anawapatsa, kabokosi kakuda kolemera kotsitsa mphamvu ya magetsi. Kutsogolo kwake kunali mabowo awiri ofanana ndendende, la kumanzere lolembedwa 110, loyenera makinawo, la kumanja 220. Pulagi inkalowa monsemo.

Sabata yonse tinayeserera. Agogo ankakhala pampando kuyang'anizana ndi kabokosiko, n'kupapasa, n'kulowetsa pulagi m'bowo la kumanzere. "Kumanzere, Tiya, dzanja lopanda ulemu." Anafika pochita mosaphonya, ndipo ine ndinayamba kupuma bwino.

Lamlungu masana titachoka kutchalitchi, anti Esinati anafika ndi Mwayi, ndipo ine anandiitana kukadya keke. Mwayi ataona makinawo analumpha, nathamangira pampando uja wa agogo, kutsogolo kwa tebulo. Agogo sanamuchotse. Anazungulira kuseri kwa tebulo, nawerama pamwamba pa kabokosiko, napapasa, nalowetsa pulagi m'bowo la kudzanja lawo lamanzere. Koma tsopano anali ataima kumbuyo. Kumanzere kwawo kunali pa 220.

Ndinaona nambalayo bwinobwino, yofiira, yaikulu moti ngakhale wa pakhomo akanaiwerenga. Ndinatsokomola, sanamve. Ndinagunda mwendo wa tebulo, iwo n'kuti, "Khala bwino iwe." Chala chawo chinali chikufufuza swichi. Ndinakumbukira bambo wa m'sitolo uja ndi nkhope ya Mwayi pomwepo, ndipo ndinalankhula.

"Agogo, si m'menemo. Mwaika pa 220."

Chala chinaima. Anti Esinati anaika mpeni wa keke pambale. Anayang'ana kabokosi, anayang'ana bambo awo, kenaka anatola bokosi la makaseti amene tinagula ndi makinawo n'kuwaonetsa. "Bambo, pamenepa pajambulidwa chiyani?"

Agogo anayandikiza bokosilo kumaso, n'kulibweza. Kenaka anasuntha pulagi ija n'kuika m'bowo linalo, nayatsa. Makina analira kanyimbo kawo, kamunthu kanayamba kudumphadumpha pakanema, Mwayi akuseka osadziwa kanthu. Anti Esinati anatembenukira kwa ine. "Iwe wadziwa liti?" Ndinati kalekale, n'kuyamba kulira. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Mwezi usanathe anti Esinati anabwera ndi galimoto yonyamula katundu. Zitsulo zowotcherera sanalole kuti zipite nawo, anazisiya kwa mlonda wa pageti. M'mawa wa tsikulo ndinawapeza agogo atakhala pa sutikesi m'nyumba yopanda kanthu, atavala jekete la kutchalitchi. Ndinapepesa. Anandipapasa kumutu mpaka anapeza khutu, nalikoka pang'ono monga ankachitira ndikawanamiza.

"Makina unawapulumutsa, mwana wanga," anatero. "Koma akanapsa, ndikanati wa m'sitolo anandigulitsa chakufa. Esinati akanakhulupirira. Katundu wakale amapsa tsiku lililonse."

Sanazinene mokwiya, anangondiuza ngati akundiphunzitsa kulumikiza waya. Ku Kitengela anawakakamiza opaleshoni, diso limodzi linatsegukako, koma nyumba yawo inali italowa kale anthu ena, ndipo sanagwirenso chitsulo. Ndinakawaona kawiri kokha. Ulendo wachiwiri ndinawapeza pakhonde, manja ali pamaondo, akumvetsera magalimoto a mumsewu wa Namanga.

Ndakula, ndipo ndikudziwa kuti anti Esinati sankalakwa. Tsiku lina akanagwira waya wamoyo, ndipo tikanawapeza pansi. Zimenezo ndimadziuza kawirikawiri, komabe mtima wanga sunavomerebe. Amayi anga tsopano akalamba, ndipo mwezi watha, alendo atadzaza pabalaza, anathira mchere m'tiyi wawo poyesa shuga. Ndinawaona akuthira. Anamwa, nkhope osasintha, ine ndinangoyang'ana pansi. Alendo atapita ndinatseka chitseko, ndinawaphikira wina, ndipo ndinakhala nawo pafupi n'kuwafunsa kuti maso anayamba liti.