Tsiku Limene A Gondwe Anatsika Pansanja

Ndikamva fungo la simenti yonyowa, ndimaona a Gondwe, oyandikana nafe ku Mchengautuwa, ataima m'nkhungu ya m'mawa jekete lawo likudontha, mafosholo akulira pamchenga, utsi wa mbaula za m'makomo ukukwawa pansi chifukwa cha chinyezi.

Anali kapitawo wa amisiri omanga nyumba. Nsangala analibe, ndisaname. Ife ana tikawapatsa moni, ankangoti "yewo" m'chinenero cha kwawo osatiyang'ana n'komwe. Koma anali ndi chizolowezi chimodzi: asanalole munthu kukwera pansanja ya mitengo ya bulugama imene amisiri amaimapo pomanga, ankayamba akwerapo okha n'kudumphadumpha ndi chithupi chawocho, ife tikufa nako kuseka.

Chaka china ankamanga nyumba yosanja moyang'anizana ndi kwathu. Mvula ya ku Mzuzu, yosamva nyengo ija, inavumba osalekeza, mitengo ya nsanjayo n'kuda bii. Itakata, ndili pakhonde ndi amayi tikuyanika zovala, a Gondwe anakwera monga mwa masiku onse. Anadumpha kamodzi kokha. Kenako anatsika pang'onopang'ono, n'kuuza anyamata awo kuti akhale pansi.

Posakhalitsa mwini kampani anatulukira pagalimoto. Ataona anthu atakhala, anakuwa mpaka amayi anasiya kufinya chitenje.

"Gondwe! Akudikira chiyani anthuwa?"

"Mitengo yawola chomene, bwana. Tigule ina."

"Akwere pompano. Apo ayi, ntchito yako yatha lero."

Tonse tinkadziwa kuti pakhomo pa a Gondwe panali ana ambiri, ena amasiye a mlongo wawo. Mnyamata wina, poopa kuti kapitawo wake achotsedwa ntchito, ananyamula ndowa ya simenti n'kuponda pamakwerero. A Gondwe anamugwira phewa.

"Yayi, mwana wane. Khala pasi." Ndiye anatembenukira bwana uja. "Tiyeni tikwere awiri, inu ndi ine. Mukadumphapo, anyamata akwera."

Bwanayo anayang'ana m'mwamba. Sanakwere. Anangoloza kumsewu, ndipo a Gondwe anatola levulo yawo yoyezera khoma ndi chipande chomangira n'kuwoloka kubwera kwawo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti nsanjayo sinagwe. Kapitawo watsopano anakweza anthu, nyumba inatha, ndipo m'dera lathu anthu ankawanena a Gondwe kuti anataya ntchito chifukwa cha mantha. Iwo ankangozungulira m'makomo kumata ming'alu ya zipupa. Bambo anga atawafunsa ngati sakudandaula, anayankha kuti, "Kusagwa kuja unali mwayi wawo. Ine sanandilembe kuti ndiziyesera mwayi pa ana a eni ake."

Lero ndimayang'anira anyamata okonza magetsi m'nyumba za anthu. Bwana wanga akandiimbira foni kuti ntchito ikuchedwa, ndimaopa kuchotsedwa, pakuti nanenso ndili ndi ana. Koma waya amene sindingamugwire ndi dzanja langa, sindituma mwana wa munthu kuti akamugwire.