Kabokosi Kamene Kanabwera ndi Maliro a Yohane

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa ndi mphasa. Amayi a kutchalitchi amene anachezera kuimba m'nyumba ya siwa anali atasasa mawu, ndipo panja amuna ankasonkhezera moto wotsala pang'ono kuzima. Chiperoni chinali chitaphimba phiri lonse, kamvula kakuwaza. Pakati pa nyumba panali bokosi la mlongo wanga Yohane, lomata ndi malata mkati monga amachitira ndi maliro obwera pa ndege. Anatiuza kuti lisatsegulidwe.

Yohane anagwa n'kumwalira ndi matenda a mtima ku Ulaya, kumene ankaphunzira ndi kugwira ntchito. Ntchito yake anandifotokozera kambirimbiri pa foni. Ankati ali ndi makina okhala ndi kachipinda kochotsedwa mpweya wonse. Mmenemo amapoperamo nthunzi yokhala ndi chitsulo, kenako n'kulozapo kamtsinje koonda ka magetsi, ka maelekitironi. Pamene kamtsinjeko kagunda, chitsulo chimatsalira pomwepo, kadontho pamwamba pa kadontho, ngati chiswe chikumanga chulu. Zomangidwazo n'zazing'ono kwambiri moti tsitsi limodzi likhoza kuphimba mazanamazana. Ine ndinkamuseka kuti ndi mmisiri wa nyumba zopanda wogonamo, iye n'kumati tsiku lina zidzathandiza kupeza matenda msanga.

Thupi linabwera ndi mnzake wa kuntchito, mzungu wamtali wamanyazi, wosadziwa ngakhale moni wathu. Anagona panja ndi amuna, atafunda bulangeti la amalume.

Kutacha, anthu anayamba kufika, ena a ku Chonde pa njinga, ena a ku Thuchila pa lole, othyola tiyi atavala mapepala apulasitiki kumutu. Kuseri kwa nyumba utsi wa nkhuni zonyowa unkatiliza maso, nandolo akubwadamuka m'miphika. Ndili konko ndinaona amuna ataunjikana pansi pa mtengo wa mapeyala. Mlendo uja, mwa mtima wake wabwino, anali atatulutsa kabokosi kapulasitiki, mkati muli kachidutswa konyezimira ngati chikhadabo. Ankaonetsanso chithunzi cha zomwe Yohane anamanga pamenepo. Chinali chithunzi chotuwa, cha timizati tosongoka titaima m'mizere.

Mnyamata wina wa kabaza anati amenewo ndi masingano. Palibe anaseka.

Kuno kwathu nkhani ya anamapopa sinaiwalike. Tonse tikukumbukira nthawi imene mlendo aliyense wonyamula chikwama ankaimitsidwa panjira, ndipo ena sanafike kwawo. Tsono apa panali bokosi losatsegulidwa, mzungu, masingano osaoneka ndi maso. Nkhani inayenda kuchoka pa mapeyala kufika ku miphika mofulumira kuposa ine. Amayi awiri anasiya mithiko n'kuchoka osatsanzika.

Ndinauza amalume kuti mlendoyo achotsedwe, koma galimoto yomwe inabweretsa maliro inali itatitimira m'matope kumunsi kwa mtsinje. Amalume anangoti tipemphere. Mlendo mwiniwake sankadziwa kanthu. Ankagwedeza mutu mwaulemu kwa anyamata omwe ankamuyang'ana, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse.

Mwambo unayamba. Abusa analalikira mwachidule, maso awo ali pa gulu la kumbuyo lomwe silinkaimba. Amalume ponena za imfa anatchula mtima, wina kumbuyoko n'kutsokomola mwadala. Adzukulu anatuma uthenga kuti manda atha, koma bokosi salinyamula mpaka aone chomwe chili m'kabokosi kakang'onoko. Ndinaona anyamata ena akutola miyala m'mphepete mwa munda wa tiyi, osabisa n'komwe. Ndinatsamira khoma, maso anga ali pa mlendo.

Apo m'pamene amayi anga anatuluka m'siwa. Chiyambire kumva uthenga anali asanaime okha, koma anadutsa pakati pa anthu popanda wowagwira. Anafika kwa mlendo n'kutambasula dzanja. Iye anawapatsa kabokosi kaja ndi manja awiri. Amayi anakamanga pa ngodya ya nsalu yawo, pamene amamanga fodya, n'kukoka mfundoyo ndi mano.

"Ichi wapanga ndi mwana wanga," anatero. "Amene akuchifuna ayambe wandivula ine nsalu."

Anakolowekanso mkono wawo m'mkono wa mzungu uja n'kunena kuti maliro anyamuke.

Adzukulu anayang'anana, kenako wamkulu wawo anagwira chogwirira cha bokosi, enawo n'kutsatira. Ulendo wa kumanda sindinaimbe nyimbo ngakhale imodzi. Ndinkayenda kumbuyo kwa amayi ndi mlendo, khosi langa likudikira mwala. Njira inali yoterera, mvula ikukula, ndipo anyamata aja ankayenda m'mbali mwathu manja ali kumbuyo. Pamanda amayi sanamutaye mkono. Dothi loyamba anaponya ndi dzanja lamanzere chifukwa lamanja linali litagwira iye. Ndinalira mlongo wanga ndi diso limodzi lokha, linalo likuwerenga anthu, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Pobwerera tinapeza abusa atakonza njinga yamoto ya mphwawo. Mlendo anakwera, akupukuta misozi, n'kulowera ku msewu waukulu. Sindikudziwa ngati anauzidwa konse zomwe zinatsala pang'ono kumuchitikira.

Madzulo pakhomo panali zii. Mwa mwambo wathu anansi amagona ndi anamfedwa mpaka tsiku lometa, koma mphasa zinali zitapindidwa, miphika yobwereka itatengedwa kale. Tinatsala atatu: ine, amayi ndi amalume. Mudzi wonse unali utaona kumene kabokosi kanapita, ndipo mlendo anali atachoka. Amayi anagona chafufumimba mfundo ija ili m'manja.

Ndinanyamuka kuti ndikhome chitseko.

"Usatseke," anatero amayi osadzutsa mutu. "Pa maliro satseka. Mwina abwera."

Ndinakhala pansi moyang'ana khomo lotsegulalo, osadziwa ngati ndipemphere kuti abwere kapena asabwere.