Munsi Wopanda Mtondo

Senderani kuno nonse, musiye kulimbirana mpandowo. Iwe, tanditsitsira kamtengo kali pamwamba pa kabatiko. Ee, komweko. Mwakhala mukufunsana kuti agogo amasungiranji munsi wopanda mtondo. Lero ndikuuzani, koma wondidula pakamwa atuluke.

Munsi uwu ndi wa ku Lewisham, ku Mangalande. Ndinapitako chaka chimene azakhali anu ankagwira unamwino kuchipatala, mwana wawo alibe womulera. Mwanayo ndi msuweni wanu uja mumamuona pafoni. Nthawi imeneyo anali kamtsikana, mano akutsogolo atachoka. Chichewa ankamva chonse, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi, ine n'kumagwedeza mutu ngati ndamva. Pepala limene anandilowetsera m'dzikomo linali la miyezi isanu ndi umodzi. Zolembedwa sindizitha, koma zoti tsiku lonyamuka likubwera ndinkazidziwa bwino.

Chisanu ndinachipirira. Chimene chinandisautsa ndi ndiwo. Mtedza ulipo pamsika, masamba alipo, mtondo kulibe. Azakhali anu ankathira mtedza m'kamakina ka magetsi. Kakangolira pang'ono, nsinjiro zasanduka chiponde. Ndinati mumtima, mwana uyu ndimusiye asanamveko kulira kwa mtondo?

Tsiku lina tikuchokera kusukulu tinapeza amuna a zipewa zolimba akudula mtengo mumsewu wathu ndi macheka a injini. Mtengowo amati cheri. Zipika zili mbwee pansi, zofiirira mkati, zonyowa, fungo lake ngati chipatso chosapsa. Ndinatuma mwanayo kuti andipemphere chimodzi. Amunawo anaseka, n'kuloza chachikulu. Ndinavula mpango, ndinapinda nkhata, iwo anandisenzetsa. Mwanayo anayenda patsogolo, kutali, ngati sitikudziwana. Anthu a m'basi yofiira, makosi onse kwa ine.

Kutchalitchi kwathu kunali abambo ena amene ana onse ankawatcha amalume. Anapita ku Mangalande ali mnyamata, makolo awo atathawa boma la masiku aja. Kuseri kwa nyumba yawo ku Woolwich anali ndi kanyumba ka matabwa, momwe munali makina ozunguza chipika. Chikamazungulira, iwo amangogunditsa chitsulo chakuthwa, mbale n'kumaoneka yokha. Loweruka anadzatitenga pagalimoto, ife ndi chipika chathu.

Choyamba anaching'amba pakati ndi chitsulo ndi nyundo. Ndinakuwa.

"Amalume, mtondo wanji wong'ambidwa? Kwathu timasema mtengo wathunthu."

"Amayi, mng'alu umayambira pamtima pa mtengo," anatero. "Tikachotsa mtimawo, kwinaku kupulumuka."

Anacheka mtimawo n'kuutaya. Makungwa anawasiya. Kenako anasungunula makandulo m'kachitini, n'kupatsa mwanayo burashi kuti apake kumapeto onse a zipika ziwirizo. Ati madzi a mtengo amathawira kumapeto, ndipo akatuluka mothamanga mtengo umang'aluka, phulalo n'lowachedwetsa. Mwanayo anapaka lilime lili panja, phula mpaka m'tsitsi. Ndinafunsa kuti nanga uuma liti.

"Chaka. Mwina kupitirira."

Chaka! Pochoka ndinapempha theka limodzi kuti ndikakhale nalo kunyumba, ndipo anandipatsa osafunsa.

Ine ndakalamba ndikuyanika nkhuni. Nkhuni imauma ndi kutentha, ndani sadziwa? Ndinapala phula lija ndi mpeni, ndinatsamiritsa chipikacho pachitsulo chofunditsa nyumba, n'kumachitembenuza m'mawa uliwonse ngati chimanga chowotcha. Chipinda chonse chinanunkhira. Masiku angapo atapita, tili pachakudya, tinangomva kuti thwa! Mng'alu kuchokera pamwamba mpaka pansi, woti chala n'kulowa. Mwanayo analowetsadi chala, n'kugwa ndi phwete. Pano ndimaona kuti mtengo sunalakwe. Unali ndi nthawi yake, ine ndinali ndi yanga, ndipo ziwirizo sizinkadziwana.

Amalume atachiona anakhala pansi ndi kuseka. "Amayi, mwaphika mtondo." Koma anachitembenuzatembenuza, anaona kuti mng'aluwo wayenda mowongoka. Anasadzula kachidutswa katali m'mbali mwake, kouma kale chifukwa cha kuwotcha kwanga kuja, n'kukaika pamakina. Ndiko kamene wagwirako. Taona kusalala kwake.

Theka linalo analiika pamakina lili laliwisi. Madzi ake ankatiwaza kumaso, ozizira, utuchi ukutuluka wautali ngati maliboni n'kumagwera pamapewa a mwanayo. Anaboola mkati, kamtondo kanaoneka, koma milomo anaisiya yochindikala kwambiri. Ati pouma kapindika, ndiye pasiyidwe podzasema kachiwiri. Anakakwirira m'utuchi wake womwewo, m'thumba la pepala, n'kuika pashelefu kumthunzi.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse tinkakwera sitima kukaona thumba. Kulitsegula ankaletsa. Amalume ankangolinyamula m'manja, n'kumupatsa mwanayo kuti anyamulenso. "Ukadalemera. Madzi akadalimo." Kenako tiyi, kenako kubwerera. M'sitimamo mwanayo ankasinja m'chikhatho changa ndi munsi uwu, ine ndikumuimbira nyimbo zapamtondo chapansipansi. Sanalinso kuyenda patsogolo.

Mitengo ina ya cheri imene inatsala mumsewu wathu itayamba maluwa, nthawi yanga inatha. Amayi ake anamuuza mwanayo kuti agogo akupita kumudzi. Sanalire. Kwa iye munthu akapita amabwera, monga amayi ake ankapitira kuntchito n'kubwera atatopa. M'mawa wonyamuka ndinamupeza atagwada pachikwama changa, akukankhira munsi pakati pa zitenje. Anandiyang'ana, n'kulankhula Chichewa chathunthu, koyamba chifikire changa:

"Agogo, mutenge. Mtondo ukauma mubwere nawo."

Azakhali anu anadzuka n'kulowa kukhitchini, anatsegula mpopi, madzi n'kumangotayika.

Mtondowo unauma osang'aluka. Amalume anausema kachiwiri chaka chotsatira, anaupaka mafuta, n'kukautula kwa mwanayo. Iwo anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo makina awo anatenga mnzawo wina wosema. Azakhali anu akadali kuchipatala konkuja, mawondo ayamba kuvuta. Anandipempherako pepala lina, aboma anakana. Anapemphanso, anakananso, kenako miyendo yanga inakana yokha. Msuweni wanu ndi mayi wamkulu tsopano, ali ndi nyumba yake ku Barking. Mtondo uli pawindo la kukhitchini. Amayi ake akuti anamugulira munsi wina pamsika, iye anaubweza tsiku lomwelo.

Msuweni wanuyo akuti abwera chaka chino, mtondo m'chikwama. Ndimva akadzagogoda. Koma tsiku lija, atagwada pazitenje zanga, mwana uja ankadziwa chinthu chimodzi chokha: kuti mtondo sungasinje popanda munsi. Ndiye m'mutu mwake, munthu amene wanyamula munsiwo palibe amene akanamutsekera chitseko.

Bwezera pamwamba pomwe unatenga. Pang'onopang'ono, usagwetse.